Bungwe Lokana Ndalama ndi Mayina: Mbiri ya Alcoholics Anonymous ndi Midzi ya Fodya ya kwa Wimbe

Alcoholics Anonymous, bungwe limene ambiri amangolitchula mwachidule kuti AA, ndi gulu la amuna ndi akazi amene mowa unawagonjetsa, ndipo amakumana nthawi ndi nthawi kuti athandizane kusamwanso, popanda dokotala kapena mbusa wowatsogolera, popanda ndalama yolembetsera, ndiponso popanda kaundula wa mayina. Dzinali limatanthauza zidakwa zosatchulidwa mayina, ndipo chidakwa m'bungweli ndi munthu amene akangolawa mowa sathanso kudziletsa mpaka ataledzera, ngakhale akuona ndi maso ake kuti banja, ntchito ndi thupi lake zikuwonongeka. Linayamba m'chaka cha 1935 mumzinda wa Akron, m'chigawo cha Ohio ku America, ndipo lero likupezeka m'mayiko pafupifupi 180, ndi mamembala amene amawerengedwa kuti ali pafupifupi 2 miliyoni. Mbiri yake ili ndi phindu kwa dera ngati la Mfumu Wimbe, kum'mawa kwa boma la Kasungu, chifukwa lamulo lililonse la bungweli linabadwa poyankha vuto linalake la nthawi ndi malo ake, choncho munthu akadziwa vuto limene linabala lamulolo amatha kuona kuti ndi malamulo ati amene angamere m'midzi ya fodya mosavuta, nanga ndi ati amene angakakamire.

AA silinali gulu loyamba la zidakwa zothandizana. Mu 1840 amuna 6 okonda mowa a mumzinda wa Baltimore anayambitsa gulu lotchedwa Washingtonian, limene misonkhano yake inali ya anthu ofotokoza poyera za uchidakwa wawo, ndipo m'zaka zochepa linakopa anthu zikwizikwi. Koma linatha msanga monga linakulira, pamene atsogoleri ake anayamba kutchuka, kukangana pa za chipembedzo, ndi kulowa m'mikangano ya ndale. Boma la America linayesanso njira ya lamulo poletsa kupanga ndi kugulitsa mowa kuyambira 1920 mpaka 1933, koma zidakwa sizinathe, ndipo m'nthawi imeneyo chidakwa chofika potheratu chinkatsekeredwa kundende kapena kuchipatala cha amisala.

Muzu weniweni wa AA unali gulu lachikhristu lotchedwa Oxford Group, loyambitsidwa ndi mbusa wa mpingo wa Lutheran, Frank Buchman, limene linkaphunzitsa kudzifufuza mumtima, kuulula zolakwa kwa mnzako, ndi kubweza zimene unalakwira ena. Kumapeto kwa 1934 munthu wina amene anasiya mowa kudzera m'gululi, Ebby Thacher, anayendera mnzake wakale womwa naye, Bill Wilson, yemwe ankagwira ntchito pamsika wa masheya ku New York ndipo anali atagonekedwa kangapo pachipatala cha Towns chifukwa cha mowa. Dokotala wa pachipatalacho, William Silkworth, ankaphunzitsa odwala ake kuti uchidakwa ndi matenda a mbali ziwiri: thupi limene likalandira mowa pang'ono limalirira wina, ndi maganizo amene amanyenga mwiniwake kuti ulendo uno amwa pang'ono chabe. Wilson anamwa komaliza mu Disembala 1934, ndipo kwa miyezi ingapo analalikira zidakwa za mu New York popanda kutembenuza ndi mmodzi yemwe, kufikira Silkworth atamulangiza kuti aleke kuyamba ndi ulaliki, ayambe ndi kufotokoza za matendawo ndi za mavuto ake enieni.

Mu Meyi 1935 Wilson anapita ku Akron pa nkhani ya bizinesi imene inalephereka, ndipo tsiku lina atasowa chochita mu hotela ya Mayflower, phokoso la anthu akumwa m'bala likumveka mbali ina, anazindikira kuti kuti asamwe anafunika kulankhula ndi chidakwa chinzake. Anaimbira foni mbusa wina amene dzina lake linali pa bolodi la mipingo m'hotelamo, ndipo mafoniwo anakathera kwa mayi Henrietta Seiberling, amene anamukumanitsa ndi dokotala wa maopaleshoni, Robert Smith, wodziwika m'bungweli kuti Dr. Bob. Dokotalayo, amene anali ndi matsire a dzulo lake, anavomera kukhala mphindi 15 zokha, koma anacheza maola pafupifupi 6, chifukwa mlendoyo anayamba ndi kunena kuti sanabwere kudzamupulumutsa, wabwera kuti iye mwini asamwe. Patapita masabata ochepa Dr. Bob analedzeranso paulendo wa kumsonkhano wa madokotala ku Atlantic City, ndipo m'mawa wa tsiku limene anayenera kuchita opaleshoni Wilson anamupatsa botolo limodzi la mowa kuti manja aleke kunjenjemera. Botolo limenelo linali lomaliza, ndipo bungweli limatenga tsikulo, 10 Juni 1935, monga tsiku la kubadwa kwake, ngakhale ofufuza mbiri ena amati linali sabata yotsatira.

Chimene anthu awiriwa anatulukira ndi chakuti wothandiza ndiye amayamba kupindula. Anapita kuchipatala cha mumzindawo kukafuna chidakwa chachitatu, loya wina amene anali atagonekedwa kambirimbiri, ndipo ntchito inapita patsogolo mwapang'onopang'ono kotero kuti pofika kumapeto kwa 1937 anthu osiya mowa ku Akron ndi ku New York anali pafupifupi 40 okha.

Apa ndi pamene nkhani ya ndalama inadzuka, ndipo ndiyo inaumba bungweli kuposa china chilichonse. Wilson, amene anali wosauka kwambiri panthawiyo, ankalota zipatala za bungwe ndi amishonale olipidwa, ndipo anapeza mwayi wofikira anthu a John D. Rockefeller Jr., mmodzi wa anthu olemera kwambiri padziko. Nthumwi imene inapita kukaona ntchito ya ku Akron inapempha kuti apatsidwe madola 50,000, koma Rockefeller anaopa kuti ndalama zambiri ziwononga chinthu chimene mphamvu yake inali yakuti munthu akuthandiza mnzake kwaulere, ndipo mu 1938 anapereka madola 5,000 okha. Oyambitsawo anakhumudwa, koma patapita zaka iwo eni anasandutsa kukanidwako kukhala lamulo lawo, lakuti gulu lililonse lizidzidalira ndipo lisalandire thandizo la ndalama kwa aliyense wosakhala membala. Mpaka lero bungweli limabweza mphatso za anthu akunja, ndipo limaika malire ngakhale pa ndalama zimene membala mmodzi angapereke pachaka. M'dziko limene mabungwe ambiri amabadwa pulojekiti ikabwera ndi kufa pulojekiti ikatha, mfundo imeneyi ndi yofunika kuilingalira mofatsa.

Atasowa ndalama, anatembenukira ku buku. Mu Epulo 1939, mamembala ali pafupifupi 100, anasindikiza buku lotchedwa Alcoholics Anonymous, limene linapatsa gululo dzina, ndipo mmenemo munali Masitepe 12, ndiye kuti ndondomeko imene munthu amatsata posiya mowa. Sitepe yoyamba ndi kuvomera kuti mowa wamuposa mphamvu ndipo moyo wake wasokonekera. Zotsatira zake ndi kudzipereka kwa mphamvu yoposa iye mwini, kulemba mosabisa zolakwa ndi zifukwa za mtima wake, kuziulula kwa munthu wina mmodzi, kulemba mayina a onse amene anawalakwira ndi kukakonza zimene zingakonzeke pokhapokha ngati kutero kungawapweteke iwowo kapena anthu ena, ndipo yomaliza ndi kupereka uthengawu kwa chidakwa china. Polemba bukuli panabuka mkangano pakati pa okhulupirira ndi ena monga Jim Burwell amene sankakhulupirira Mulungu, ndipo anagwirizana kuti aliyense amvetse Mulungu monga momwe iye mwini angathere. Pofika kumapeto kwa chaka chimenecho magulu a New York ndi Akron anali atapatukana ndi Oxford Group, zimene zinatsegula khomo kwa Akatolika, Ayuda ndi osapembedza.

Kukula kunabwera ndi nyuzipepala. Nkhani zimene Cleveland Plain Dealer inalemba mu 1939 zinadzaza gulu la ku Cleveland ndi anthu atsopano, ndipo kumeneko kunakhazikika mwambo wakuti watsopano aliyense akhale ndi womuyang'anira amene anasiya mowa kale, amene bungweli limamutcha sponsor, ndipo ntchito yake ikufanana ndi ya phungu wa kuchinamwali, amene amaperekeza namwali pa njira imene iye mwini anadutsamo. Mu Malichi 1941 mtolankhani Jack Alexander analemba za AA m'magazini ya Saturday Evening Post, ndipo m'chaka chimenecho mamembala anachoka pa 2,000 kufika pa 8,000. Mavuto anakula pamodzi ndi chiwerengerocho: magulu ena anayamba kupanga malamulo okana akazi, akaidi ndi anthu amene ankawaona ngati otayika, ena anakangana pa ndalama, ndipo ena anatchuka m'nyuzipepala monga zitsanzo za bungweli. Wilson, amene anawerenga za kugwa kwa gulu la Washingtonian, analemba Miyambo 12, ndiye kuti malamulo oyendetsera magulu, imene inatuluka m'magazini ya bungweli ya Grapevine mu 1946 ndi kuvomerezedwa pamsonkhano waukulu wa ku Cleveland mu 1950. Miyamboyi imati choyenereza munthu kukhala membala ndi kufuna kusiya mowa basi. Atsogoleri ndi atumiki osankhidwa kwa kanthawi ndipo salamula. Gulu lililonse ndi loima palokha. Bungwe silitenga mbali pa ndale, pa chipembedzo, ngakhale pa malamulo oletsa mowa. Ndipo membala asadziwike ndi dzina lonse kapena nkhope yake panyuzipepala, pawailesi ndi pakanema.

Kusatchula mayinaku kunali ndi ntchito ziwiri, ndipo anthu ambiri amangodziwa yoyamba. Kumateteza watsopano amene akuopa kuchotsedwa ntchito kapena kusekedwa, komanso kumateteza bungwe kwa mamembala ake okonda ulemerero, pakuti munthu wotchuka ndi dzina la AA akagwanso m'mowa, anthu amati bungwe lonse lalephera. Wilson mwini anakana digiri yaulemu ya yunivesite ya Yale mu 1954, ndipo mu 1955, Dr. Bob atamwalira kale mu 1950, anapereka utsogoleri kwa msonkhano wa nthumwi zosankhidwa ndi magulu pamwambo wa ku St. Louis. Mkazi wa Wilson, Lois, anathandiza kuyambitsa Al-Anon mu 1951, gulu la akazi, amuna ndi abale a zidakwa. Bungweli linafika ku Ireland ndi ku South Africa mu 1946, ku Britain mu 1947, ndipo bukulo lamasuliridwa m'zinenero zoposa 70.

Msonkhano wa AA ndi wosavuta kuufotokoza. Anthu amakumana kwa ola limodzi kapena kuposerapo pang'ono m'chipinda chobwereka, kawirikawiri cha tchalitchi kapena sukulu, ndipo amalipira kangachepe kuti asakhale ndi mangawa kwa eni malowo. Wotsogolera wa tsikulo amawerenga mawu otsegulira, kenaka aliyense wofuna kulankhula amatchula dzina lake loyamba lokha, n'kunena kuti ndi chidakwa, n'kufotokoza momwe zinalili, chimene chinachitika, ndi momwe zilili lero, popanda womudula mawu kapena womuyankha. Watsopano amaloledwa kungokhala chete. Mbale ya chopereka imazungulira ndipo wopanda kanthu amangoipatsira mnzake. Pali misonkhano yotseguka, imene achibale ndi azaumoyo angalowe, ndi yotseka, ya okhawo amene ali ndi vutoli. Palibe amene amalumbira kuti sadzamwanso moyo wake wonse, pakuti lonjezo lake ndi la maola 24, ndipo amene wagwanso amalandiridwa sabata yotsatira popanda mlandu. Kwa zaka zambiri madokotala ankakayikira njirayi, koma mu 2020 John Kelly, Keith Humphreys ndi Marica Ferri anasonkhanitsa kafukufuku 27 wokhudza anthu 10,565 m'bungwe la Cochrane, napeza kuti chithandizo cholumikiza odwala ndi AA chimathandiza anthu kukhala osamwa konse mofanana kapena kuposa uphungu wina wodziwika. Kafukufuku wambiri mwa ameneyu anachitikira ku America, ndipo ngakhale kumeneko ambiri amene amayamba misonkhano sapitiriza. AA sichipatala ndipo sipereka mankhwala: munthu amene wamwa kwambiri tsiku ndi tsiku kwa nthawi yaitali akasiya mwadzidzidzi akhoza kunjenjemera, kukomoka ngati wakhunyu, kuona zinthu zimene palibe, ngakhale kufa kumene, choncho masiku oyambirira amafuna chipatala.

Ku Malawi mowa unali ndi malo ake odziwika m'moyo wa mudzi kalekale, pa dima, pa m'meto, pa chinamwali ndi polonga ufumu, ndipo unkafululidwa pa nthawi yake, kumwedwa pagulu, akulu akuyang'anira. Amishoni a Livingstonia amene anafika ku Kasungu, ndi a Dutch Reformed amene analandira dera limeneli m'zaka za m'ma 1920, analetsa akhristu awo kumwa ndi kufulula, ndipo Sinodi ya Nkhoma ya mpingo wa CCAP idasungabe lamuloli, monganso a Seventh-day Adventist, mipingo ya Pentekoste ndi Asilamu. Chimene chinasintha kwambiri ndi malonda. Kachasu wotchezedwa kuseri kwa nyumba, chibuku cha m'mapaketi, mowa wa m'mabotolo umene fakitale ya Carlsberg inayamba kufulula ku Blantyre mu 1968, ndipo pambuyo pake mowa waukali wa m'masacheti umene ngakhale mwana wasukulu ankatha kugula, zinachititsa kuti mowa uzipezeka tsiku lililonse kwa aliyense wokhala ndi kandalama. Kafukufuku wa Unduna wa Zaumoyo ndi bungwe la WHO wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi mwamuna mmodzi mwa amuna 5 alionse ankamwa mopyola muyezo, pamene akazi otere anali ochepa kwambiri. Zambia inaletsa masacheti, amene kumeneko amawatcha tujilijili, mu 2012. Malawi inawaletsa cha m'ma 2015, opanga n'kusamukira m'timabotolo ta pulasitiki, ndipo ndondomeko ya dziko yokhudza mowa inakhazikitsidwa mu 2017.

Kwa Wimbe, dera limene dziko lapansi linalidziwa chifukwa cha makina amphepo a William Kamkwamba wa m'mudzi wa Masitala, mowa umayenda ndi kalendala ya fodya. Kuyambira cha m'ma 1990, pamene alimi ang'onoang'ono analoledwa kulima fodya wa bale amene kale anali wa maesiteti okha, banja limagwira ntchito pafupifupi chaka chathunthu, kuyambira kuthirira nazale m'chilimwe, kuwokera mvula ikagwa, kuthyola, kusoka ndi kupachika m'chigafa m'miyezi ya njala, mpaka kusankha ndi kudinda mabelo, koma ndalama zake zimabwera kamodzi, msika wa Chinkhoma kapena wa Kanengo ukatsegulidwa cha mu Epulo, ndipo kawirikawiri zimalowa mu akaunti ya bambo. Munthu amene chaka chonse amamwa kachasu wa ngongole amapezeka ndi ndalama za thukuta la banja lonse m'thumba, ali pa boma kapena pa tauni kutali ndi maso a mkazi wake, mabala ndi malo ogona alendo atatsegula zitseko. Akabwerera kumudzi ngongole ya feteleza idakalipo, fizi ya ana sinalipidwe, ndipo akatapila akudikira pakhomo. Sitepe ya AA yobweza zolakwa ikafika pamalo otere imakhala nkhani ya mabelo, ya mbuzi yogulitsidwa mobisa, ndi ya aganyu kapena matenanti amene sanalandire malipiro awo.

Chithandizo cha akatswiri chili kutali ndi mlimi wotere. Chipatala cha boma cha matenda a maganizo chili ku Zomba, ndipo a St John of God, amene anayamba ntchito yawo ku Mzuzu m'zaka za m'ma 1990 n'kudzatsegulanso ku Lilongwe, ndiwo odziwika pothandiza ofuna kusiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Khomo lapafupi ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi, chipatala chaching'ono, chipatala cha St Andrew's ku Mtunthama, ndi chipatala cha boma ku Kasungu, kumene munthu angaonedwe thupi ndi kutumizidwa patsogolo. Koma wochokera kuchipatala amabwerera panjira yomweyo yodutsa pa mayi wotcheza kachasu, kwa anzake omwewo, ndipo mpata umenewu, wa miyezi ndi zaka za pambuyo pa chipatala, ndiwo umene AA inapangidwira.

Miyambo ya bungweli imalola zidakwa ziwiri kapena zitatu zokumana ndi cholinga chosiya mowa kudzitcha gulu la AA, popanda chilolezo cha likulu, malinga ngati sizikudziphatika ku bungwe lina, ndipo zambiri za kayendetsedwe kake si zachilendo kwa anthu ozolowera banki mkhonde, makalabu a fodya, miphakati ndi Chigwirizano cha amayi, kumene kukumana tsiku lokhazikika, kusonkha kangachepe ndi kusankha mlembi ndi msungichuma ndi zinthu za masiku onse. Palinso chitsanzo chapafupi cha magulu a anthu amene ali ndi kachilombo ka HIV, amene bungwe la NAPHAM, lokhazikitsidwa mu 1993, linathandiza kufalitsa, ndipo anakula kwambiri ma ARV atayamba kuperekedwa ulere mu 2004. Maguluwa anaonetsa kuti anthu a vuto limodzi lochititsa manyazi angathe kulimbikitsana m'mudzi, ngakhale kuti njira yawo inali yobwera poyera, pamene ya AA ndi yobisa dzina.

Apa ndiye pali povuta. Kusatchula mayina kunapangidwira mzinda waukulu, kumene munthu angakwere basi n'kukalowa m'chipinda cha anthu osamudziwa, koma pa Wimbe wotchula dzina loyamba lokha amakhala atakhala moyang'anana ndi mlamu wake, ndipo aliyense wodutsa amadziwa njinga zimene zaimikidwa panja pa kalasi. Chobisika m'mudzi si chakuti uje amamwa, pakuti zimenezo ngakhale ana amazidziwa. Chofunika kubisidwa ndi zimene wanena m'chipindamo, makamaka zokhudza ndalama, chigololo ndi nkhanza za m'banja, zimene zikatuluka zimakathera kubwalo la mfumu kapena kwa ankhoswe. Gulu la m'mudzi lingasunge ntchito yachiwiri ya mwambowu, yoletsa munthu kudzitukumula ndi dzina la bungwe, koma yoyamba iyenera kusanduka lamulo lolimba losunga chinsinsi cha mawu. Vuto lina ndi la malo: mpingo umene ungabwereketse chipinda ndi womwewo umene umadula membala womwa mowa, choncho mkulu wa mpingo amene amamwa mobisa sangalowe pakhomo limenelo, ndipo Msilamu kapena wa gule wamkulu angaone msonkhanowo ngati wa eni tchalitchi, zimene zimapangitsa kalasi ya sukulu kapena khonde la chipatala kukhala malo abwinopo. Mayi womwa, amene chitonzo chake chimaposa cha bambo, sangalankhule momasuka pamaso pa apongozi ake, ndipo bungweli linazindikira zofanana ndi zimenezi kale pamene linalola misonkhano ya akazi okhaokha. Kwa amene ali yekha, likulu la ku New York lakhala likulumikiza mamembala akutali ndi amalinyero kudzera m'makalata kwa zaka zambiri, ndipo kuyambira mliri wa COVID-19 mu 2020 misonkhano yambiri imachitika pa intaneti, ngakhale kuti yochuluka ndi ya m'Chingerezi ndipo imafuna foni yamakono, mayunitsi ndi netiweki yodalirika, zinthu zimene mlimi amakhala nazo m'miyezi ya msika n'kuzisowa m'miyezi ya njala.